Bowo Losakhala Pakati

Ine shikola ndinalekera kalasi yachinayi, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: nyuzipepala zokulungira usipa zochokera ku Kalomwe, timapepala ta m'mabotolo a mankhwala a ng'ombe, timabuku tofotokoza makina amene sindinawaonepo ndi maso. Ndili ndi kabuku kena ka Chipwitikizi kopanda chikuto, konena za injini ya sitima yapamadzi. Ndakawerenga katatu, ngakhale kuno kumapiri madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi a pachitsime cha kudimba kwanga. Mukandifunsa mmene injiniyo imayendera ndikufotokozerani mpaka muyasamule. Koma mundipatse msomali ndi nyundo, msomaliwo upindika, chala changa n'kutupa.

Alamu anga, alongo awo aakulu a mayi a kunyumba kwanga, zilembo amangozionera patali. Iwo ndi owotcherera zitsulo. Ofisina yawo, malo amene amagwirira ntchitoyo, ndi kachisakasa ka malata m'mbali mwa msewu ku Domwe, ndipo yadyetsa banja lawo zaka zambiri ndi chinthu chimodzi: makina otonolera chimanga opukusa ndi dzanja. Umaponya chimanga pakamwa pamwamba, n'kupukusa mpini, njere zimagwera m'lichero, chitsononkho n'kutulukira kumbali chili mbee. Mtima wa makinawo ndi mbale yachitsulo yokhala ndi mano m'mphepete monse. Mbaleyo ankaidula okha ndi tchizulo, n'kuisalaza ndi tupa masiku awiri athunthu. Amayi a ku Lifidzi ankabwera kudzagula. Ena ankachita kuoloka malire kuchokera ku Dedza, n'kumangirira makinawo pa njinga za anthu onyamula katundu.

Chilamu chathu n'chonyozana. Iwo amanditcha a pulofesolo, ine ndimawaseka dazi ndi zipsera za m'manja. Koma pali malire ake. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, ndinabwera ndi thumba limodzi la zovala ndi mabuku anga ong'ambika. Iwo ndiwo eni mbumba, ndipo malo amene ndinamangapo nyumba anachita kundilozera ndi iwo. Dazi lawo ndingaliseke tsiku lonse, koma ntchito ya manja awo sindingaitchule moipa.

Zaka zitatu zapitazo manja awo anayamba kunjenjemera. Ndinazindikira tsiku lina atagwira chikho cha thobwa ndi manja awiri ngati mwana. Kuwotcherera ankathabe, atatsamiritsa chigongono pabondo, koma tchizulo chinkawaterereka. Anawononga mbale ziwiri motsatizana, n'kuzibisa kuseri kwa mgolo. Kenako anauza mlongo wawo kuti tikakolola adzatseka ofisina, azidzangolima nyemba. Ine sanandiuze. Ndinamva kwa mayi a kunyumba, akusankha mbatata zambewu, osandiyang'ana. Anati munthu ameneyo mukamuchotsa pa zitsulo zake satha zaka ziwiri, chifukwa khasu sanalikondepo chibadwire.

Mwezi womwewo ndinamva pa wailesi kuti boma laika makina atsopano pa shikola ya ntchito zamanja ku Ulongwe. Makinawo amadula chitsulo ndi moto, koma amene amaulondolera motowo ndi komputadori. Ankaitana amisiri a m'midzi kuti abwere ndi zimene amapanga. Mfundo zake zinali zitatu, ndipo ndinazilemba kuseri kwa kalendala. Mmisiri abwere ndi chojambula cha chinthu chake papepala, ndi miyeso yake mu milimeturo. Aliyense adzamudulira kamodzi kokha, popeza amisiri ndi ambiri ndipo zitsulo n'zochepa. Kenako akatswiri a boma adzabwera kudzaona chinthucho chikugwira ntchito, ndipo chikawakhutiritsa, shikolayo izimudulirabe mmisiriyo zitsulo zake.

Ndinathamanga ku ofisina kalendala ili m'manja. Alamu anandimvetsera akupala dzimbiri pa mpini, kenako anati zinthu za boma aziona zambiri, zimabwera ndi magule ndi zokuzira mawu, pakatha chaka umapeza nkhuku zikuikira momwemo. Ndinawauza zonse zimene ndinawerenga za mafakitale a kumaiko akutali, kumene chitsulo chimadulidwa popanda dzanja la munthu kuchikhudza. Anandifunsa ngati kumaikoko amatonola chimanga. Ndinati sindikudziwa. Tinakangana masiku atatu. Tsiku lachinayi, ndikudutsa, anandiitana, n'kundipatsa chinthu chokulunga m'chisaka. Chinali chikombole chawo: chivundikiro cha mgolo chodulidwa ngati mbale ija, chimene ankachiika pachitsulo n'kulemba mozungulira asanayambe kudula.

Ndinabwereka regwa, kachoyezera ka ana a shikola kaja, kwa aphunzitsi oyandikana nafe. Ndinagula pepala lalikulu ndi lapisi watsopano wojambulira. Ndinakhala pakhonde m'mawa dzuwa likungotuluka, chifunga chisanachoke m'dambo, ndikudziona ngati munthu amene moyo wake wonse unkadikira ntchito imeneyi.

Nditayamba kuyeza, ndinapeza vuto. Bowo lolowa chitsulo chopukusira silinali pakati. Linapatuka kumbali, mwina ngati kunenepa kwa chala chakaniso. Mano nawo sanali ofanana. Mbali ina anali othithikana ndi aafupi, mbali ina otalikirana ndi aatali. Ndinayeza kawiri, katatu, kuganiza kuti regwa ndiye wolakwa. Mabuku anga onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti chozungulira chimazungulira pakati pake. Ndinaganiza za manja aja ndi chikho cha thobwa, chisoni n'kundigwira. Ndinati kani matendawa anayamba kale, ndipo munthu wamkuluyu akapita nacho chonchi kwa anthu ophunzira akamuseka. Munthu wowerenga za sitima zapamadzi sanadzifunse n'komwe kuti chikombole chadzimbiri choterechi chinadulidwa liti, manjawo ali bwanji.

Kukawafunsa sindikanatha. Ndikanayamba bwanji? Kuti alamu, ntchito imene mwalera nayo ana anu ndi yokhota? Ndiye ndinachita zimene ndinkaziona ngati chikondi. Ndinakhoma kamsomali pakati penipeni pa pepala, n'kumangirira lapisi ku ulusi, n'kujambula chozungulira chosalala. Mano ndinawagawa mofanana, lililonse ngati mnzake. Chikombole ndinachibisa pansi pa bedi.

Tinakwera shapa, kaminibasi konyamula anthu, kupita ku Ulongwe Lachiwiri m'mawa. Alamu anavala jekete limene amavala ku maliro ndi ku maukwati. Panja pa shikolayo panali amisiri ena, wina ndi khasu la ng'ombe, wina ndi mbaula, aliyense atagwira pepala lake ngati mbale yamoto. Mkati munali tebulo lalitali lachitsulo, pamwamba pake mkono woyenda uku ndi uku, kunsonga kwake kuli kampopi kotulutsa moto. Woyang'anira makinawo anali enjinyero wamkazi, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anatambasula pepala langa n'kunena kuti pa onse amene walandira sabata imeneyo, ili ndiye laukhondo. Ndinatupa ngati chule. Kenako anatembenukira kwa alamu n'kuwafunsa ngati chojambulacho chikufanana ndi mbale yawo. Alamu anayang'ana pepalalo, mizere ndi manambala, n'kuyankha kuti za mapepala amadziwa ndi alamu awowa. Enjinyero anandiyang'ana ine. Ndinati inde, n'chimodzimodzi.

Anasindikiza manambala anga mu komputadori, anatipatsa magalasi akuda, n'kudina. Moto wabuluu unatsika pachitsulo n'kuyamba kuyenda wokha, osafulumira, osazengereza, ukulavula nthethe pansi. Ine ndinkayang'ana motowo, koma kenako ndinacheukira alamu. Milomo yawo inkagwedezeka. Ankawerenga mano. Ntchito ya masiku awiri inatha mbatata isanapse m'mphika. Mbale itazizira pang'ono anaitenga ndi kansanza, analowetsa chala m'bowo, n'kuizunguliza, chala chachikulu chikutsata m'mphepete. Anaizunguliza kachiwiri. Kenako anathokoza enjinyero mwaulemu, n'kunena kuti ndi yokongola. M'shapa pobwerera anaiika pamiyendo, n'kumayang'ana minda ya mbatata pawindo njira yonse. Ine ndinkalankhula ndekha za tsogolo la mafakitale.

M'mawa mwake anatuma mawu kuti ndipite ku ofisina ndi chimanga changa. Ndinapeza mbale ataimanga kale m'makina. Anati ndipukuse ndine, poti ntchito ndi yanga. Ine ndimalima mbewu yogula kusitolo, imene chimanga chake chimafanana ngati ana amapasa. Ndinaponya chimodzi, chiwiri, chisanu, njere zikugwa ngati mvula. Ndinali nditayamba kukonza kukhosi kuti ndinene mawu. Apo alamu anakoka dengu lina limene linali kuseri kwa chitseko, la chimanga chamakolo cha m'nkhokwe ya mlongo wawo. Anaponya chowonda. Chinatsetsereka n'kutuluka ndi njere zake zonse, mano osachikhudza. Anaponya chonenepa. Chinakakamira pakamwa, mpini unabwerera n'kundimenya pamkono.

Sanaseke. Anayimirira n'kutsitsa kawaya kamene kanali kulendewera kudenga, kokhala ndi zitsononkho zitatu zakuda ndi utsi. Ndinkaziona zaka zonsezi, ndipo ndinkayesa kuti ndi mankhwala otetezera ofisina. Anaziyala pabenchi: chowonda ngati chala, chapakati, ndi chonenepa chopindika.

"Regwa wanga ndi ameneyu, a pulofesolo," anatero. "Chowondachi n'cha m'munda wa mayi wopanda fetereza. Chonenepachi n'cha pachulu. Bowo lija ndinaliika pambali dala. Mbale ikamazungulira, mano amayandikira khoma la m'kati mwa makina n'kubwereranso. Akayandikira amagwira chowonda, akabwerera chonenepa chimalowa. Mano aafupi ndi a njere zazing'ono zolimba zija. Ndinawononga mbale zingati ndili mnyamata kuti ndipeze pamenepo."

Ndinafunsa, ndikusisita mkono, kuti nanga bwanji sananene ku Ulongwe konkuja, poti anazindikira ndi chala.

"Ndikanene pamaso pa mwana uja kuti mkamwini wathu wanamiza pepala? Mlongo wanga ndikanadzamuyang'ana bwanji? Nanga inu, bwanji simunandifunse?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinayesa ndi manja aja, ndipo ndinaopa kuwachititsa manyazi. Anayang'ana manja awo kwakanthawi. Kenako anaseka kakuseka kochepa.

"Ndiye kuti taphana ndi ulemu, alamu."

Anati ndizisiye. Mwayi unali umodzi ndipo wapita, akatswiri akabwera adzawauza kuti makina sanatheke, ofisina adzatseka monga anakonzera. Anabwezera zitsononkho kudenga, n'kuyamba kusonkhanitsa zida zawo m'bokosi, ngakhale linali lisanafike tsiku. Kunali kutatsala masiku asanu kuti akatswiri abwere.

Kunyumba sindinabise. Mayi a kunyumba anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungofunsa kuti chikombole chili kuti. Nditanena kuti pansi pa bedi, anakachitulutsa okha, anachipukuta fumbi, n'kuchiika pamwamba pa mabuku anga. 

Ndinabwerera ku Ulongwe ndekha, chikombole m'chisaka, pamodzi ndi zitsononkho zitatu zimene ndinapempha kwa alamu osawauza cholinga. M'shapa ndinakonza mawu akuluakulu a Chipwitikizi, onena za kusiyana kwa miyeso ndi zina zotero, kuti kulakwa kwanga kumveke ngati kwa munthu wophunzira. Nditafika pakhomo n'kumuona enjinyero, mawu onsewo anathawa. Ndinavula chipewa.

"Mayi, ndinanama ine. Pepala lija ndinalikongoletsa. Mbale yeniyeni ya alamu anga ndi iyi."

Anachitenga chikombolecho, analowetsa lapisi m'bowo n'kuchizunguliza. Chinkavina mopendekera. Anafunsa za zitsononkho, ndipo ndinamufotokozera monga ndinamvera, ndikuloza chowonda ndi chonenepa. Anachizungulizanso. Kenako anati chimanga cha m'nkhokwe ya amayi ake n'chotere chomwechi, ndipo kushikola kumene anaphunzira palibe anamuuzapo za chimanga chosafanana.

Anandiuza mosabisa kuti chitsulo chatsopano sangandipatse, chifukwa lamulo ndi la onse ndipo panja pali anthu amene sanadulirepo n'kamodzi komwe. Koma lamulolo silinatchule zotsalira. Tinapita kuseri kwa nyumbayo, kumene ankaunjika zidutswa zotsala akadula za ena, ndipo tinafufuza awiri, ine ndikuyeza chidutswa chilichonse ndi chikombole. Tinapeza chimodzi chokwanira ndendende, chotsala ku chitseko cha mbaula ya munthu wina.

Pepala sanalifunenso. Anaika chikombole pa nsalu yoyera, anachijambula ndi kamera, ndipo komputadori inatsata m'mphepete mwake monse, kukhota kulikonse. Ndinafunsa kuti ngati zimatheka chonchi, bwanji ankafuna chojambula. Anati amene analemba mfundo zija ankaganizira anthu ojambula. Koma asanadine, anakulitsa chithunzicho n'kundilozera timaenje titatu pakati pa mano. Anafunsa kuti ndi titi timene mwini wake anatidula dala, ndi titi timene tadyeka ndi dzimbiri. Lilime linandiyabwa kuti ndiyankhe. Ndinati sindikudziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti kanali koyamba kunena mawu amenewo pa nkhani ya makina.

Tinawaimbira alamu pa foni. Poyamba anakalipa kuti ndawabera zitsononkho. Enjinyero atawapatsa moni n'kuwatcha a mestre, ndiko kuti mmisiri wamkulu, mawu awo anasintha. Chikombole chinali ndi ife, koma iwo ankachiona bwino kuposa ife. Anati tiyambire pa dzino limene lili ndi kachizindikiro ka tupa, tiwerenge asanu kumanja, kaenje kapamenepo n'kawo, kotulutsira zinyenyeswa. Maenje ena awiriwo ndi dzimbiri, tiwafafanize. Analankhula mpaka foni inatentha. Enjinyero ankafunsa, iwo ankayankha, nthawi zina n'kumutsutsa. Ntchito yanga inali yogwira foni ndi kukhala chete, ndipo ndinaigwira bwino.

Nditafika nayo ku Domwe, alamu anatsinzina, analowetsa chala m'bowo, n'kuizunguliza kamodzi kokha. Anati ndiwapatse sipanala.

Tsiku la akatswiri anabwera atatu pa galimoto, pamodzi ndi enjinyero uja. Mbiri inali itamveka, ndiye amayi anabwera ndi chimanga chawo, ndipo ndikuganiza kuti anachita kusankha choipitsitsa cha pansi pa nkhokwe. Alamu sanapukuse okha. Anapereka mpini kwa mayi wina wa ku Lifidzi amene anabwera kudzadandaula kuti wadikira makina ake miyezi iwiri. Mayiyo anaponya chowonda, chinatuluka mbee. Anaponya chonenepa chopindika, makina anatsokomola pang'ono n'kuchimeza. Anapitiriza mpaka dengu linatha, kenako anafunsa ngati angatenge omwewo lero. Mmodzi wa akatswiri analemba pa fomu, n'kudinda chidindo atatsamiritsa pepala pa mgolo. Alamu anabisa manja awo kumbuyo nthawi yonseyi. Galimoto itapita, anatsegula bokosi lija n'kubwezera zida m'malo mwake, chimodzichimodzi.

Tsopano mbale zimabwera pa shapa, zisanu kapena zisanu ndi imodzi nthawi imodzi. Nthawi zina zimachedwa, magetsi akavuta kapena makina aja akamadikira kachida kochokera kutali, ndipo alamu amayambanso nkhani ya nkhuku zoikira. Koma ofisina ndi yotsegula. Amapinda mano, amawotcherera chigongono chili pabondo, amakangana ndi ogula.

Ine chimandiganizitsa n'china. Komputadori ija yasunga kukhota kwa mbale yawo, ndipo idzakusunga ngakhale iwo atapita. Koma chifukwa chake siikuchidziwa. Tsiku lina enjinyero uja adzasamutsidwa, kudzabwera wina wowerenga ngati ine, wamtima wabwino ngati ine, adzaona bowo lili pambali n'kulibwezera pakati. Ndinawauza alamu zimenezi. Anati ndiye ndigule kope.

Mbale yanga yosalala ija anaipachika kudenga pafupi ndi zitsononkho. Amati m'ofisina monse mulibe chinthu chokongola ngati iyo, ndipo sichigwira ntchito, ngati mwini wake. Koma imalira bwino. Akakumbukira kanthu, amaimenya ndi sipanala, ine n'kumva ndili kudimba, n'kubwera ndi kope ndi lapisi. Amandiuza chifukwa chimene mpini umakhala wautali chonchi, chifukwa chimene pakamwa pamapendekera kumanzere, ndipo ndimalemba mmene anenera, osakonza. Ndikamaliza amati ndiwawerengere, n'kundibweza pamene ndaikapo mawu anga.

Sabata yatha anapempha kuti aone kopelo. Analigwira ndi manja awiri, chadodolido, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandibwezera, n'kunena kuti mizere yake yawongoka kwambiri, ndiwawerengerenso kuyambira poyamba.